Kalata yotseguka: lembani poyera njira yofikira pa mpando wa OC ku Blantyre ndi ku Limbe

Kwa Wapampando ndi makomishona a Police Service Commission,
Kwa Mkulu wa Apolisi m'dziko muno, ku Area 30,
Kwa Olemekezeka Nduna ya Zachitetezo cha M'dziko,
Kwa aphungu a komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za chitetezo,

Zikomo mabwana ndi madona,

Amene tikulemba kalatayi ndife apolisi opuma pa ntchito okhala mu mzinda wa Blantyre. Pakati pathu pali amene anali ofufuza milandu, oimira boma m'makhoti a majisitireti, ndi aphunzitsi a apolisi. Nkhani yathu ndi imodzi: munthu amene amapatsidwa polisi ya Blantyre kapena ya Limbe kuti aiyendetse, amene timamutcha OC (Officer-in-Charge), amafika bwanji pa mpando umenewo, amakhalapo nthawi yaitali bwanji, ndipo amachokapo bwanji.

Anthu m'minibasi amati "mkulu wa apolisi mu Blantyre" ngati kuti alipo mmodzi. Kuno si ku America kumene meya kapena khonsolo ya mzinda imalemba mkulu wake wa polisi. Polisi yathu ndi imodzi dziko lonse chiyambire 1921 pamene inakhazikitsidwa ku Zomba, ndipo khonsolo ya mzinda ilibe ulamuliro pa wapolisi ndi mmodzi yemwe. Mzindawu uli m'manja mwa Komishona wa chigawo cha South West, ndipo pansi pake pali ma OC, akuluakulu ndi wa Blantyre ndi wa Limbe, kuphatikizapo oyang'anira Ndirande, Soche, Bangwe, Chilomoni ndi kwina. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264 mu mzinda uno, osawerengera khamu limene limalowa mbandakucha kuchokera ku Lunzu, Chileka, Chiradzulu ndi Thyolo n'kutuluka madzulo. Anthu amenewa sakumana ndi Inspector General, mkulu wa apolisi m'dziko lonse. Amakumana ndi konsitabulo wa pa kauntala, ndipo konsitabuloyo amayenda momwe OC wake akuyendera.

Za mpando wa pamwamba, malamulo oyendetsera dziko anafotokoza bwino. Ndime 154 imati Pulezidenti asankhe, Nyumba ya Malamulo ivomereze, ndipo munthuyo akhalepo zaka zisanu. Mu 2005 aphungu anakana a Mary Nangwale. Mu 2022 anavomereza a Merlyne Yolamu. Kaya munthu anagwirizana nawo aphunguwo kaya ayi, zonse zinachitikira pamaso pa dziko. Ndime 155 inakupatsani inu a Commission mphamvu yolemba, kukweza ndi kulanga apolisi ena onse. Mphamvuyo muli nayo, ndipo malamulo a m'kati mwa polisi aliponso m'makabati. Koma funsani konsitabulo aliyense wa ku Bangwe kuti achite chiyani ndi chiyani, kwa zaka zingati, kuti tsiku lina adzakhale OC wa Limbe. Sakuuzani za mayeso. Akuuzani kuti pamafunika kudziwika.

Makwerero ake mukuwadziwa, koma tiwerengere limodzi, chifukwa vuto lili mu samu. Mwana wa MSCE akatuluka ku sukulu ya apolisi ku Kanjedza, ku Mtakataka kapena ku Mlangeni amakhala konsitabulo. Kenako sajeni, Sub Inspector, Inspector, Assistant Superintendent, Superintendent, Senior Superintendent, Assistant Commissioner, Senior Assistant Commissioner, ndiye Deputy Commissioner. Polisi yaikulu ya mu mzinda kawirikawiri imapatsidwa kwa munthu wa maudindo awiri omalizawa, kutanthauza kuti ayenera kukwezedwa kasanu n'katatu kapena kuposera apo. Wolowa ntchito ali ndi zaka 22 ali ndi zaka 38 zogwira asanapume pa 60. Atati azikhala zaka zitatu pa udindo uliwonse, adzafika pa Senior Assistant Commissioner ali ndi zaka 46, mphamvu zikadalipo, ntchito akuidziwa. Tsono tengani wina, ndipo otere ndi ambiri, amene wakhala konsitabulo zaka 12 ndi sajeni zaka 8. Afika pa Sub Inspector ali ndi zaka 42. Kwamutsalira makwerero asanu ndi limodzi ndi zaka 18. Akayenda zaka zitatuzitatu zija, afika pa mpandowo tsiku lomwe akutsanzika. Ndiye kuti dongosolo limene limasiya anthu pansi zaka makumi awiri silingatulutse ma OC odutsa m'makwerero onse. Limatulutsa odumpha, ndipo odumpha amakhala amene ali ndi wowagwira mkono.

Mankhwala amene boma limakonda ndi kukweza chikhamu. Zinachitika masabata ochepa chisankho cha May 2019 chisanachitike, pamene apolisi zikwi zingapo anakwezedwa nthawi imodzi. Ambiri mwa iwo anali oyeneradi, anadikira kokwanira. Koma kukweza kotere kumasiya polisi ili ndi masajeni ambiri kuposa makonsitabulo oti awalamule, ndipo Sub Inspector amapezeka akulondera geti. Chachikulu, kumaphunzitsa wapolisi kuti nyota imabwera ndi nyengo ya kampeni, osati ndi ntchito.

Chimene tikupempha ndi njira yolembedwa, yosindikizidwa, yopachikidwa pa bolodi la polisi iliyonse. Nayi momwe ife tikuionera.

Zaka zitatu zoyamba aliyense agwire ntchito wamba: kauntala, kulemba mu OB (buku lolembamo zonse zochitika pa polisi), kulondera usiku, kuyang'anira chitolokosi, kuperekeza oganiziridwa ku khoti. Pasakhale wotuluka ku Kanjedza lero mawa n'kupezeka ku nthambi ya pamsewu kapena mu ofesi ya bwana chifukwa amalume ake anaimba foni. Tonse tikudziwa chifukwa chimene achinyamata amalimbiranirana malaya oyera a pamsewu, ndipo si chikondi cha malamulo a pamsewu. OB ndiye sukulu yeniyeni. Amene waphunzira kulemba nthawi yolondola, dzina, nambala yotsatana, osasiya mzere wopanda kanthu woti wina adzalembemo mawa, ameneyo akadzakhala OC adzazindikira buku lokonzedwa akangolitsegula.

Kukwera pa sajeni ndi pa Sub Inspector kukhale kwa mayeso olemba pa Penal Code, Criminal Procedure and Evidence Code ndi Police Act ya 2010. Mapepala azilembedwa nambala osati dzina, azichongedwa kunja kwa chigawo chimene wolembayo akugwira, zotsatira zizituluka tsiku lodziwika chaka chilichonse. Wolephera auzidwe malikisi ake ndipo aloledwe kubwereza. Izi sizifuna ndalama zambiri. Zimafuna kuti mabwana ena avomere kutaya mphamvu yopereka maina.

Pa Sub Inspector ndi Inspector ndi pamene OC amaumbidwa kapena kuwonongeka, ndiye tichedwepo. Munthu asaganiziridwe n'komwe pa mpando wa mu mzinda ngati sananyamule madoketi ku CID, nthambi yofufuza milandu, zaka ziwiri ndi kuimapo mu khoti ngati woimira boma chaka chimodzi. Doketi ndi kafayilo kooneka konyozeka, koma mlandu umakhala kapena kufera m'menemo. Muyenera kukhala mawu a wodandaula, mawu a mboni iliyonse payokhapayokha, mawu a woganiziridwa atachenjezedwa za ufulu wake, lipoti la dokotala ngati pali kuvulala kapena kugwiririra, mndandanda wa katundu wa umboni, ndi tsamba limene wofufuza amalembapo zimene wachita tsiku ndi tsiku. Milandu yambiri sigwa chifukwa loya wa woganiziridwa ndi wochenjera. Imagwa chifukwa mboni analemba kuti amakhala "ku Mbayani" basi, popanda nambala ya foni kapena chizindikiro cha nyumba, ndipo pofika tsiku la mlandu anasamuka lendi. Imagwa chifukwa lipoti la ku Queens linasainidwa koma palibe anapita kukalitenga. Imagwa chifukwa foni imene inalandidwa inalembedwa kuti "foni yakuda" popanda nambala yake ya IMEI, ndipo mu khoti palibe angatsimikize kuti ndi yomweyo. Imagwa chifukwa chamba chinalandidwa matumba atatu osayezedwa pa sikelo pamaso pa mwini wake, ndiye pofika ku khoti matumbawo apepuka. Imagwanso chifukwa wofufuza anasamutsidwira ku Karonga mlandu uli pakati, ndipo palibe ndalama yomubweretsera kudzachitira umboni. Majisitireti akaimitsa mlandu kachitatu, kachinayi, mapeto ake amauthetsa, ndipo anthu a ku Ndirande amati apolisi adya ndalama ngakhale pamene sanadye. OC amene sanaimepo pamaso pa majisitireti ali ndi doketi yoboola amasaina madoketi osawerenga. Amene anachitapo manyazi amenewo amatsegula tsamba lomaliza, kuona tsiku limene wofufuza analembapo komaliza, n'kumuitana.

Pa msinkhu womwewu munthu apatsidwe kapolisi kakang'ono ka kumudzi kuti akayendetse yekha, kokhala ndi anyamata asanu ndi njinga yamoto imodzi. Kumeneko ndi kumene amaphunzira kulankhula ndi mafumu, ndi kuima pakati pa gulu lokwiya ndi munthu amene likufuna kumuotcha. Luso limeneli musaliyese lakumudzi kokha. Mphekesera za anamapopa za 2017 zinayambira cha ku Mulanje koma zinafika mpaka mu Blantyre, ndipo mbava ikagwidwa mu msika wa Limbe matayala ndi petulo sizichedwa kupezeka.

Za maphunziro a ku koleji sitichulukitsa. Asanavale nyota za Assistant Superintendent aliyense adutse ku Police College ku Zomba, ndipo kusankha opita kumeneko kutsatire malikisi a mayeso aja. Madigiri ndi abwino; a Security Studies a ku Mzuni, a zamalamulo, a zowerengera ndalama, onse polisi ikuwafuna. Wolowa ndi digiri akwere msanga, sitikukana, koma zaka zake za pa kauntala ndi za doketi zisadumphidwe. Chimodzimodzi amene anakagwira ntchito ya United Nations ku Darfur kapena ku South Sudan: kumeneko n'kopindulitsa, koma sikulowa m'malo mwa chaka chimodzi cha ku khoti.

Kuchokera apo njira ikhale iyi: Station Officer pa polisi yapakatikati, OC wa boma limodzi kwa zaka zosachepera ziwiri, Station Officer mu mzinda, kenako OC. Mpando wa Station Officer anthu amaupeputsa, koma ndiye mwini ndandanda ya ntchito, mwini perete wa m'mawa, ndiye amadziwa amene waledzera, amene wadwala ndi amene sanabwere. Wodumpha mpando umenewu amalamulidwa ndi omutsatira osadziwa.

Tsopano chitolokosi. Ngati mukufuna funso limodzi lomufunsa munthu amene akufuna kukhala OC, mufunseni kuti m'mawa uliwonse amachita chiyani ndi buku la osungidwa. Yankho lolondola ndi lakuti amalinyamula yekha, kulowa m'kati, kuitana dzina lililonse, kuona nkhope, n'kuwerenga mitu ngati ikufanana ndi maina. Ndime 42 ya malamulo oyendetsera dziko imati womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera pa tsiku limene khoti silikhala, aonekere tsiku loyamba lotsatira. Womangidwa Lachiwiri 10 koloko m'mawa akhale pamaso pa majisitireti pofika Lachinayi 10 koloko. Njira zozembera lamuloli ndi zodziwika. Ina ndi kumanga munthu Lachinayi madzulo kapena Lachisanu dala, kuti agone mpaka Lolemba ndipo abale ake afewe. Ina ndi kulemba nthawi imene walowa m'chitolokosi m'malo mwa nthawi imene anagwidwa, pamene wakhala maola asanu ndi limodzi m'galimoto kapena mu ofesi ya CID. Yoopsa kwambiri ndi kusamulemba konse, amati "tangomusunga". Munthu wosalembedwa akakomoka usiku palibe amene ali ndi udindo pa iye. Belo ya ku polisi ndi yaulere, koma imagulitsidwa pamene OC sayang'ana kuti ndani watuluka usiku ndipo wasaina ndani. Ana sayenera kusakanizidwa ndi akuluakulu, lamulo la ana la 2010 linanena. Wobwera atavulazidwa ndi gulu apite kaye ku chipatala, mabala ake alembedwe asanalowe, apo ayi adzawerengedwa pa mutu pa apolisi. Imfa ya Buleya Lule m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu February 2019 inaonetsa dziko lonse kumene kulekerera kotere kumathera. Ndipo ntchito sithera pa geti la ndende ya Chichiri. Lamulo linaika malire a masiku 30 kwa woyembekezera mlandu wa ku khoti laling'ono, ndi masiku 90 pa milandu ikuluikulu monga kupha. OC ayenera kukhala ndi mndandanda wa anthu ake onse amene ali pa rimandi ndi tsiku limene aliyense malire ake akukwana. Ndende imadzaza ndi anthu amene madoketi awo anaiwalika m'madirowa.

Chinthu china chimene sichiphunzirika pa tsiku la tsoka ndi kuyendetsa khamu. Police Act imati wokonza zionetsero apereke chidziwitso cholemba pasadakhale, maola osachepera 48 ndi masiku osapitirira 14, ndipo OC amalandira kope lake. Chidziwitso si pempho la chilolezo, ndipo OC amene sasiyanitsa ziwirizi wayamba kale kulakwa. Ntchito yake ili pa msonkhano wokonzekera: njira yodutsa, kaya ndi kuchokera ku Kamuzu Upper Stadium kutsata msewu wa Masauko Chipembere, nthawi yoyamba ndi yomaliza, chiwerengero cha oyang'anira a mbali ya okonza, malo oima ambulansi, ndi misewu yotulukira anthu zinthu zikavuta. Nkhanga zinapangana kusanapse. Pa tsikulo pakhale wolamula mmodzi wodziwika dzina, mfuti iliyonse ndi zipolopolo zilembedwe potuluka ndi pobwera, ndipo asaponye utsi wokhetsa misozi wina aliyense popanda lamulo la mkuluyo. Utsi umaponyedwa poyang'ana kumene mphepo ikulowera ndi kumene anthu athawire. Ukaponyedwa pa geti lopapatiza kapena m'bwalo lotsekedwa umapha ndi kupondana. Pa 6 July 2017 anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa popondana pa geti la Bingu National Stadium ku Lilongwe. Pa zionetsero za 20 July 2011 anthu 20 anafa m'dziko muno. OC wa mu Blantyre amakumana ndi mayeso otere kangapo pa chaka, ngakhale pa masewero a Bullets ndi Wanderers okha. Tikupempha kuti asanapatsidwe mzinda akhale atakhalapo wachiwiri kwa wolamula pa zochitika zazikulu zosachepera zisanu, ndipo lipoti la chilichonse likhale mu fayilo yake. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anawonjezera phunziro lina: ku Chilobwe apolisi anafunika kudziwa kusunga malo a ngozi, kulemba mitembo ndi osowa, ndi kuteteza misasa ya anthu othawa. Zimenezi zilowe m'maphunziro a ku Zomba.

Pali nkhani imene anthu saikonda kuitchula, ya mafuta. Ndalama zoyendetsera polisi zimachedwa ndipo zimachepa, galimoto zina zili pa miyala, ndiye OC wa mu mzinda wa malonda ngati uno amapezeka akulandira thandizo kwa eni mashopu ndi makampani: malita a dizilo, matayala, penti. Sitikunena kuti akane zonse, pakuti akakana galimoto ya 997 siyenda. Koma wopereka mafuta mwezi uno ndi yemweyo amene mwezi wamawa wantchito wake adzabwera kudzadandaula kuti wamenyedwa. Pakhale buku la zopereka lotseguka, lolembedwa wopereka, kuchuluka kwake ndi tsiku, komiti ya chitetezo cha m'madera izilisaina miyezi itatu iliyonse, ndipo kalikonse kasadutse m'thumba kapena pa foni ya OC. Munthu asanakhale pa mpandowu aphunzitsidwe kuwerenga bajeti, kuyang'anira mabuku a malisiti a GR, ndi kufananiza ndalama za chindapusa ndi zimene zafika ku banki. Ambiri abwino agwa osati chifukwa anaba, koma chifukwa anasaina zimene sankazimvetsa.

Kusankha kwenikweni kuchitike motere. Mpando ukatseguka ulengezedwe m'kati mwa polisi kwa masiku 21. Oyenera apemphe okha. Commission ifunse makalata atatu pa aliyense: ya Independent Complaints Commission (bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi), ya bungwe lothana ndi katangale la ACB, ndi ya nthambi ya polisi yoona za mwambo. Bungwe la madandauloli linalembedwa mu lamulo la 2010 koma linatenga zaka pafupifupi khumi kuti liyambe ntchito; tsopano poti lilipo, mafayilo ake azigwira ntchito pa kukweza anthu, asamangokhala a malipoti a pachaka. Amene ali ndi dandaulo lalikulu losamalizidwa adikire lithe. Atatu otsala afunsidwe pamaso, ndipo mafunso asakhale a "tiuzeni za inu". Apatseni doketi yeniyeni yofufutidwa maina apeze zimene zikusowa. Apatseni tsamba la buku la chitolokosi apeze amene wapitirira maola. Apatseni mapu a Limbe ndi apolisi 60 akonze tsiku la zionetsero.

Apa tionjezepo za amayi. Nthambi yothandiza ozunzidwa, imene imagwira ntchito limodzi ndi Chikwanekwane ku Queens, yasanduka khola limene apolisi aakazi aluso amatsekeredwamo zaka khumi, kenako n'kuuzidwa kuti alibe luso la ntchito zolamula. Zaka za kumeneko ziwerengedwe ngati zaka za ufufuzi, chifukwa ndi ufufuzi, wovutanso kuposa wa mbava za mafoni. Ndipo amuna ofuna kukhala OC adutseko nawonso. Nkhanza zimene apolisi anachitira amayi a ku Msundwe mu 2019, zimene khoti mu 2020 linalamula kuti boma liwapepese ndi ndalama, zinachitika pansi pa olamula.

Munthu akasankhidwa, mutetezeni. Apatsidwe zaka zitatu, zowonjezereka kamodzi kokha. Chaka choyamba chimathera pophunzira mzinda: magulu a pa Wenela ndi pa Mibawa, atsogoleri a mavenda, a kabaza, njira zimene katundu wobedwa amatulukira, makhansala amene amathandiza ndi amene amasokoneza. Womuchotsa pa miyezi isanu ndi itatu wataya zonsezo. Womusiya zaka zisanu ndi ziwiri wamupanga mnzawo wa aliyense amene ayenera kumumanga. Kumuchotsa nthawi isanakwane kukhale ndi zifukwa zolembedwa, zopita ku Commission, iye apatsidwe mpata woyankha. Miyezi isanu ndi umodzi chisankho chisanachitike ndi miyezi isanu ndi umodzi chitachitika, ma OC a m'mizinda asasunthidwe pokhapokha pali mlandu. Ndime 158 imati polisi ikhale yosalowerera ndale, koma OC amene akudziwa kuti foni imodzi ya mkulu wa chipani ingamutumize kutali sabata yomweyo adzayang'ana kumbali achinyamata a chipani akamayenda ndi zikwanje mu tauni. Mutu ukakula sulewa nkhonya, n'zoona, koma musamuchotsere chipewa. Lekaninso kugwiritsa Chitipa ndi Nsanje ngati malo a chilango. Anthu a kumeneko sanalakwe kanthu kuti azilandira amene mwakwiya nawo.

Mumuyeza ndi chiyani pa zaka zitatuzo? Osati ndi chiwerengero cha omangidwa. Muyezo umenewo ndi umene unabala zisakasaka za usiku, zogwira aliyense wopezeka panja kuti lipoti la m'mawa lioneke lonenepa. Mu March 2015 apolisi anagwira Mayeso Gwanda ku Chichiri mbandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa majumbo, n'kumutsegulira mlandu wa vakabu. Pa 10 January 2017 High Court mu Blantyre momwe muno inagamula kuti gawo la lamulo limene anamumangira likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo mu 2022 khoti la ku Zomba linatsutsanso mchitidwe womanga anthu chisawawa, pa mlandu wochokera ku Kasungu. OC amene akuyezedwabe ndi mitu adzapitiriza, adzangosintha dzina la mlandu. Muyezeni ndi izi: anthu angati anapitirira maola 48 mwezi uno, madoketi angati afika ku khoti ndipo angati athetsedwa chifukwa boma silinakonzeke, katundu wa umboni wangati wasowa, ndani wavulala kapena kufa ali m'manja mwake, galimoto imatenga mphindi zingati kufika ku Chirimba kapena ku Machinjiri usiku, ndi zimene alendo oyendera zitolokosi, amene Police Act inawakhazikitsa, alemba atabwera mosadziwitsa. Ziwerengero zimenezi ziziwerengedwa pamaso pa komiti ya chitetezo cha m'madera kawiri pa chaka.

Chotsiriza ndi kusiyirana ofesi, kumene kawirikawiri kumachitika ndi kugwirana chanza ndi kupatsana makiyi. Kusiyirana polisi ngati ya Blantyre kumafuna masiku 14, wotuluka ndi wolowa ali limodzi, ndi mboni yochokera ku chigawo. Mfuti iliyonse ifananizidwe nambala yake ndi buku la mosungira zida. Zipolopolo ziwerengedwe chimodzichimodzi, osati mabokosi, chifukwa bokosi lotsekedwa likhoza kukhala lopereweza. Zitini za utsi zionedwe tsiku lothera mphamvu. Maunyolo, mawailesi, zishango. M'chipinda cha umboni ndalama ziwerengedwe, chamba chiyezedwe, mafoni ndi makompyuta afananizidwe ndi manambala awo, ndipo galimoto zogwidwa zimene zili pabwalo zionedwe ngati zikadali ndi mabatire, matayala ndi injini zimene zinabwera nazo. Madoketi onse otseguka alembedwe mndandanda, wofufuza wake ndi tsiku la khoti. Mabuku a GR, ogwiritsidwa ntchito ndi atsopano, aonedwe manambala kuti palibe losowa pakati. Ngongole za madzi, magetsi ndi magalaja zilembedwe, pamodzi ndi mndandanda wa amene akukhala m'nyumba za ku malaini, chifukwa mikangano ya nyumba imadya nthawi ya OC watsopano kuposa mbava. Onse atatu asaine tsamba lililonse, kope limodzi lipite ku Area 30, lina ku Commission. Popanda pepala limeneli, mfuti ikadzapezeka kwa achifwamba ku Bangwe patatha chaka, wakale adzati anaisiya, watsopano adzati sanaipeze, ndipo amene adzamangidwe ndi sajeni wa mosungira zida.

Zambiri mwa izi sizifuna lamulo latsopano. Zili m'mphamvu zimene ndime 155 inakupatsani kale, ndipo zotsalazo Mkulu wa Apolisi angazilamule ndi kalata imodzi. Tikupempha a komiti ya Nyumba ya Malamulo kuti pa msonkhano wanu wotsatira ndi akuluakulu a polisi muitanitse mndandanda wa onse amene akhalapo OC ku Blantyre ndi ku Limbe m'zaka khumi zapitazi, miyezi imene aliyense anakhalapo, mipando imene anadutsamo asanafike, ndi mapepala awo osiyirana ofesi.

Ndife,
Apolisi opuma pa ntchito okhala ku Chilomoni, Ndirande, Zingwangwa, Bangwe ndi Machinjiri,
Blantyre.